Nyundo ndi Chitseko cha Mwana Wake

Kachipinda kometera ka Nyundo kanalibe chitseko. Tsiku limene analowamo anapempha mwini nyumba kuti achichotse, mahinjesi ndi zonse. Pakhomo anapachikapo nsalu yobiriwira. Akaweruka, makina ometera, sizasi ndi zipeso ankaziika m'chikwama. Kutsala mpando ndi galasi long'aluka pakona.

"Zimenezo mbava sizingatole," ankatero. "Ndimazidziwa."

Ankazidziwadi. Dzina la Nyundo silinabwere ndi mphepo. Kale iye anali wothyola nyumba. Sankayenda ndi mdima ngati anzake. Tsiku lake linali Lamulungu m'mawa, eni nyumba ali ku tchalitchi. Belu likalira, kwa iye ntchito yayamba. Chitseko ankayamba wachinyengerera. Chikakana, nyundo inkayankhula. Kenako apolisi, bwalo la milandu, zaka khumi ndi chimodzi.

Kundende ndi kumene anaphunzira kumeta. Ndi komwekonso Yesu anamupeza. Anabatizidwa mu mgolo wodulidwa pakati, umene akaidi ankachapiramo mabulangete. Madzi ozizira, onunkha sopo. Atavuuka anamva ngati wina wamutula thumba la simenti. Tsiku lomwelo analonjeza Mulungu chinthu chimodzi: dzanja ili silidzakhudzanso chitseko cha munthu.

Kusunga lonjezolo sikunavute. Kundende mkaidi satsegula chitseko. Amaima, manja kumbuyo, maso pansi, mpaka wonyamula makiyi abwere. Zaka khumi ndi chimodzi zinachita zake. Atatuluka, miyendo inkaimabe yokha. Ku tchalitchi ankadikira wina alowe, iye n'kutsatira pambuyo. Ku chipatala chimodzimodzi. Kumene ankagona, chitseko ankachitchinjiriza ndi njerwa kuti chisatsekeke. Anthu ankati bamboyu ndi waulemu.

Kachipinda kometerako kanayang'anizana ndi depoti ya mabasi. Utsi wa dizilo, fumbi, mahutala, oitanira atatu kulimbirana chikwama cha munthu mmodzi. Tsiku lonse ena kunyamuka, ena kufika. Nyundo ankameta maso ali pagalasi, ndipo m'galasimo munkadutsa depoti yonse. Mayi aliyense wachitsikana wotsika basi ankamuyang'ana kawiri. Ankafuna chipumi chachikulu ngati chake. Mwana wake wamkazi anamusiya ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Tsopano anali mayi wa pabanja pake, m'tauni yomweyo. Zaka zitatu chitulukireni kundende, anali asanamuonepo.

Lachisanu lililonse kunkabwera a Makiyi. Anali msilikali wa kundende, wopuma pantchito. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndi iwo ankamutsegulira Nyundo m'mawa ndi kumutsekera madzulo. Tsopano ankapemphera tchalitchi chimodzi, benchi imodzi, a Makiyi akuimba mokweza ndi mophonya.

"Bwana, pamutu pano ndimetepo chiyani?" anafunsa Nyundo Lachisanu lina, akuwamanga nsalu m'khosi.

"Meta zimene zatsalazo. Zinazo zinathothoka chifukwa cha iwe."

"Ine ndinali mkaidi wabwino."

"Utabatizidwa. Usanabatizidwe unali chilango cha Mulungu pa ine."

Nsalu ya pakhomo inasuntha. Analowa achemwali ake a Nyundo, ali mu yunifolomu ya ntchito yawo yokolopa kuchipatala. Ndi iwo analera mwana uja mayi ake atamwalira. Sanakhale pansi.

"Mwana wako wavomera kukuona," anatero.

Makina anapitiriza kulira m'dzanja, osakhudza mutu.

"Zimitsa chinthucho umve bwino. Lamulungu masana, ukaweruka ku tchalitchi. Mwamuna wake amusamutsa kuntchito, watsogola kale. Iye akunyamuka Lachiwiri m'mawa ndi khanda. Kumene akupitako ndi kutali, masiku awiri pa basi. Ukaphonya apa, kaya."

"Wanena yekha, achemwali?"

"Ayi, ndachita kulota. Wanena yekha, iwe. Nyumba zamdadada zija, kuseri kwa pomwetsera mafuta. Khomo lachinayi. Koma wati usakagogode. Usakaitanenso. Chitseko chidzakhala chosakhoma, ukangolowa. Wati iye sadzadzuka kuti akutsegulire."

Nyundo sanafunse chifukwa. Ankachidziwa. Linali Loweruka masana, dzuwa likuswa mtengo. Anabwera ataledzera. Mkazi wake anadzikhomera m'nyumba ndi mwana. Iye anagogoda. Anagogodanso. Kenako anatenga nyundo. Chitseko cha nyumba yake yomwe. Chitagwa, choyamba kuona chinali timapazi tiwiri pansi pa tebulo. Achemwali ankati mpaka lero, munthu akagogoda mwamphamvu, mwanayo amataya chimene wanyamula.

"Ndamva," anatero.

"Wamva, chabwino," anatero a Makiyi. "Nanga mutu wangawu utsala theka?"

Lamulungu Nyundo anavala malaya oyera, ositidwa mpaka kolala kuima. M'thumba anaikamo kachipeso kofewa ka tsitsi la makanda. Anakasankha yekha, atakayesa kaye kuseri kwa dzanja. Ulaliki wa tsiku limenelo sanaumve. Nyimbo yotsekera isanathe anali atatsatira kale mayi wina amene ankatuluka ndi mwana wolira.

Anayenda wapansi. Anadutsa pomwetsera mafuta, anakhota pa mulu wa matayala. Nyumbazo zinali zisanu ndi imodzi, denga limodzi, mpope umodzi. Anawerenga makomo. Lachinayi linali ndi chitseko chabuluu, utoto utasupuka m'munsi chifukwa cha mvula. Pawindo makatani anali atachotsedwa kale, pamatidwa nyuzipepala. Pachingwe panali matewera atatu.

Anafika pa sitepe. Miyendo inaima. Manja anapita kumbuyo okha. Anazindikira atayang'ana kale pansi.

M'katimo munkamveka supuni ikuzungulira m'kapu. Kenako khanda linalira pang'ono. Kenako mawu a munthu wamkazi, kung'ung'udza kanyimbo kopanda mawu. Nyundo anatsinzina. Anali mawu a malemu mkazi wake, enieni, ndi kakusasa kake komwe. Pakati pa iye ndi mawuwo panali thabwa lokha. Thabwa lotchipa. Kale thabwa lotere sankaliwerengera n'komwe.

"Ambuye," ananong'ona, "muuzeni atsegule."

Pa khomo lachitatu mayi wina ankatsuka mbale. Anamuyang'ana, anatsuka mbale ziwiri, anamuyang'ananso.

"Mukufuna ndani, bambo?"

"Ndikudikira, mayi."

"Alimotu. Gogodani."

"Ayi, ndidikira."

Mayiyo anapukuta manja, anatola wailesi yake pakhonde, anailowetsa m'nyumba.

Kamodzi kokha Nyundo anatulutsa dzanja. Linafika pafupi ndi chogwirira. Ndipo analiona bwinobwino: chipsera cha galasi la windo la anthu ena, chala chokhota chimene nyundo inaphonyera. Dzanja lomwe lija. Chitseko cha munthu. Mwana yemwe uja ali kuseri kwake. Analibweza kumbuyo n'kuligwira ndi linzake.

Mthunzi wa denga unachoka pa nsapato zake, unafika pa mpope. Supuni inalira m'kapu kachiwiri. Mitambo inasonkhana. Madontho oyamba atagwa, anaganiza zoanula matewera aja. Anaopanso. Ndi za eni. Anatembenuka n'kumapita, malaya oyera akumata pamsana.

Lolemba m'mawa achemwali anafika asanayatse n'komwe makina. A Makiyi anali kale pa mpando, akuwerenga nyuzi ya dzana. Silinali tsiku lawo lometa. Anangobwera kudzamva mmene zinayendera.

"Iwe, ndinakulakwira chiyani?" anatero achemwali. "Zaka zitatu ndikumunyengerera mwana ameneyu. Malovu anauma. Dzulo waphika tiyi kawiri. Kawiri. Ndamufunsa m'mawa uno, wangoti, 'Sanalowe.' Basi. Unali kuti?"

"Ndinapita."

"Unapita kuti?"

"Pakhomo pake. Ndinaima pamenepo."

"Kuima? Ndiwe mlonda?"

Nyundo anatola chipeso, anayamba kuchotsamo tsitsi limodzilimodzi. A Makiyi anapinda nyuzi.

"Manja anali kuti?" anafunsa.

Nyundo anapitiriza kuchotsa tsitsi m'chipeso.

"Kumbuyo," anadziyankha okha. "Maso pansi. Chemwali, musamukalipire. Amadikira ine."

"Inu zikukukhudzani pati?"

"Zaka zitatu ndakhala ndikumuona pakhomo la tchalitchi. Amachita ngati akumanga chingwe cha nsapato mpaka wina atsegule. Nsapato zakezo zilibenso zingwe. Ndinkati zidzatha zokha."

"Si zokhazo, bwana," anatero Nyundo. "Ndinalonjeza. Tsiku la ubatizo. Ndinati dzanja ili silidzakhudzanso chitseko cha munthu."

"Anakupempha ndi Mulungu, kapena unangomupatsa?"

"Ndinamupatsa."

"Chifukwa?"

"Ndimamudziwa Nyundo. Akangogwira chimodzi, sadzasiya."

A Makiyi anakanda mutu wawo wosalala uja.

"Nthawi zonse ukamachitira umboni umati Nyundo anatsala mu mgolo. Mpingo n'kuomba m'manja. Ndimaomba nawo. Ndinalipo tsiku lija. Madzi aja ndinalamula ndine kuti akathire kudimba la ndende. Nyundo wakoyo tinamudya m'kabichi. Tsono uyu ukumulonderayu ndi uti?"

Achemwali anafuna kuseka, anadziletsa.

"Ine makiyi ndinabweza kwa eni ake," anapitiriza a Makiyi. "Ntchito ndinapuma. Ambuye anakutulutsa, boma linakutulutsa. Iwe wadzimangira kandende kako, wadzilemba wekha ntchito ya usilikali, malipiro palibe. Mwana wako sakufuna mkaidi. Mkaidi alibe naye ntchito. Akufuna aone ngati ungalowe m'nyumba ngati munthu."

Kunja basi ina inaliza hutala, inatuluka pageti. Nyundo anaiona m'galasi mpaka inatha.

"Nanga ndikaphwanya lonjezo?"

"Ukamufotokozere mwini wake. Si wovuta ngati ine." Anadzuka, anadzifumbula pa thalauza. "Ndiponso, mbale wanga, za bwanazi musiye. Zimandikumbutsa mabondo opweteka ndi kulondera kundende."

Achemwali anakonza chikwama paphewa.

"Ine sindikapemphanso," anatero. "Ndatopa. Koma sanati usabwere. Ndipo masana sakhoma."

Nyundo anameta anthu awiri, osadziwa kuti wawameta bwanji. Wachitatu anamubweza. Analongedza makina. Malaya oyera anali asanaume, choncho anapita ndi a ntchito, tsitsi la anthu lili m'kolala.

Mvula ya dzulo inasiya matope. Pomwetsera mafuta, mulu wa matayala, mpope. Matewera panalibe. Mayi wa khomo lachitatu anali pakhonde, akusankha nyemba. Atamuona anayang'ana kumene kunali wailesi.

Sitepe. Miyendo inaima. Manja ananyamuka ulendo wawo wa kumbuyo. Anawagwira panjira, anawabweza kutsogolo. Anawayang'ana.

"Ambuye," anatero chamumtima, "dzanja ili munalitenga ndi zipsera zake zomwe. Sindinakubisireni. Ngati ndi lanu, ndi lanu."

Chitsulo cha chogwirira chinali chozizira. Anachitsitsa. Chinatsika. Anakankha.

Chitseko sichinasunthe.

Wakhoma. N'zomveka. Anadikira dzulo, lero wakhoma. Phazi limodzi linali litatsika kale pa sitepe.

Koma zala zinali zitamva kanthu. Mutu sunafune, zala zinaumirira. Chitseko chokhoma chimakana pakati, pamene pali loko, ndipo kachitsulo kamalira. Ichi sichinalire. Kumwamba chinalola pang'ono, mpata wa chala chimodzi. Chinagwira m'munsi. Anayang'ana utoto wosupuka uja. Thabwa lamwa madzi. Latupa, lakanirira pa simenti.

Sanakhome.

Njira zinalipo ziwiri. Yoyamba ndi ya aliyense: phewa, kamodzi, mwamphamvu. Chitseko chikanatseguka ndi chiphokoso, n'kukamenya khoma. Kuseri kwake kuli munthu amene amataya kapu wina akagogoda. Yachiwiri ankaidziwa iye yekha pa mdadada wonsewo. Kunyamulira chitseko m'mwamba ndi chogwirira, kuti kulemera kuchoke pansi. Bondo m'munsi. Dzanja lina chakumahinjesi, kuti asalire. Pang'onopang'ono, ngati ukutembenuza wodwala. Ndi mmene analowera nyumba za anthu makumi anayi, belu la tchalitchi likulira.

Nzeru imeneyo ankati inatsala mu mgolo. Inalipo, yonse, m'mikono. Anaima nayo kanthawi. Kenako ananyamula. Bondo. Dzanja.

Chitseko chinatseguka osalira n'kamodzi komwe.

M'nyumba munali makatoni omanga ndi zingwe. Matiresi opindidwa, ataimikidwa pakhoma. Misomali yopanda zithunzi. Mipando iwiri. Pa umodzi panali mayi wachitsikana, atayang'ana kuchitseko, khanda lili mtulo pamiyendo. Chipumi chachikulu. Dzanja lake limodzi linali litagwira mwendo wa mpando mpaka zala kuyera.

Anayang'anana. Nyundo anali phazi limodzi m'kati, lina kunja.

"Sanadzuke," anatero mwana wake, motsitsa mawu. Anayang'ana khanda, anayang'ananso chitseko. "Bambo ake amachimenya ndi phewa. Nthawi zonse amadzuka."

"Chatupa m'munsi. Chimafuna kunyamula."

"Munaphunzira kuti?"

"Kumene ukudziwa, mayi."

Dzanja lija linasiya mwendo wa mpando. Linapita pa mutu wa khanda.

"Dzulo munabwera."

"Ndinabwera."

"Ndinaona chithunzithunzi chanu pa nyuzipepala ya pawindopo. Maola awiri. Ndinafuna kudzuka. Miyendo inakana."

"Yanganso."

Kukamwa kwa mwanayo kunagwedezeka, ngati kukufuna kuseka kapena china. Kunakhazikika.

"Azakhali amati munasintha."

Nyundo anatambasula manja, anawaonetsa mbali zonse.

"Manja ndi omwe aja. Mwini wake ndiye wina."

"Ine sindikudziwa ngati ndakhululuka. Ndimapemphera, koma sindikudziwa."

"Sindinabwerere chimenecho. Ndabwera kudzakuona."

"Mwandiona."

"Ndakuona."

Panja mayi wa nyemba anatsokomola, chifuwa cha munthu wofuna kumva. Kamphepo kanalowa, kanagwedeza nsalu ya khanda.

"Tsekani," anatero mwanayo. "Mphepo ikumuomba."

Nyundo analowetsa phazi lachiwiri. Anatembenuka. Chitseko cha kundende m'kati mwake ndi chosalala, mulibe pogwira. Ichi chinali ndi chogwirira mbali zonse. Anachiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene chogwirira chimafunira. Ananyamula, anatseka. Mpweya unabwera wokha. Denga silinatsike.

"Khalani. Mpandowo ndi wanu kuyambira dzulo."

Anakhala m'mphepete mwake. Pa katoni ya pakati panali makapu awiri. Imodzi inali yovundikira ndi mbale. Mwanayo anaikankhira kwa iye.

"Wazizira. Mbaula ndalongedza."

"Ali bwino."

Anapisa m'thumba, anatulutsa kachipeso kaja. Anakaika pa katoni, osati m'manja mwake. Mwanayo anakatola, anakayesa kuseri kwa dzanja. Nyundo anaona zimenezo ndipo anayang'ana kumbali. Kenako kachipeso kanadutsa pa tsitsi la khanda, kamodzi, kawiri. Khandalo linakwinya chipumi, osadzuka.

"Ndi wamkazi. Chipumicho musafunse."

"Pepani nacho."

"Pa malo anu ometera ndinadutsapo. Katatu. Munkameta anthu. Munkayang'ana pagalasi."

Nyundo anagwira kapu ndi manja awiri. Zaka zitatu za mabasi m'galasi. Amayi onse aja otsika ndi zikwama. Mwana wake anadutsa wapansi, kuseri kwa nsalu yobiriwira, pafupi poti akanatha kumva kupuma kwake.

"Sindinakuone."

"Ndinkafulumira."

Nyundo anali ndi zambiri zofunsa. Sukulu analekeza pati. Mayi ake ananena chiyani pomaliza. Tsiku la ukwati anamuperekeza ndani. Masiku awiri pa basi ndi kutali bwanji, ndipo kumeneko mvula imagwa liti. Mafunso anadzaza m'kamwa, palibe limene linatuluka.

"Basi ndi ya sikisi m'mawa," anatero mwanayo. "Inyamukira pa depoti yanu ija. Makatoniwa ndi ambiri."

"Ndidzanyamula."

"Azakhali abwera ndi wa ngolo."

"Ndidzanyamulabe."

Mwanayo anamuyang'ana, nthawi ino osathawitsa maso.

"Uyu akadzakula adzafunsa za chipesochi. Ndidzati chinachokera kwa ndani?"

Liwu linalipo: bambo. Lalifupi, la tsiku ndi tsiku, limene ana a anthu ena amangolitaya pa msewu. Analidikira zaka khumi ndi zinayi. Likanatuluka m'kamwa mwake iye, silikanakhala kanthu. Linayenera kuchokera kwa mwanayo.

"Udzati kwa uja analowa osamudzutsa," anatero.

Mwanayo anaika kachipeso m'chikwama cha m'manja, osati m'katoni. Anatseka zipi pang'onopang'ono.

Dzuwa linali litafika pa nyuzipepala ya pawindo, zilembo zikuonekera chambuyo. Khanda linkapuma. Palibe amene ananena za nthawi yonyamuka. Nyundo anakweza kapu. Tiyi anali wozizira, shuga atakhazikika pansi. Anamwa pang'ono kwambiri, kungonyowetsa milomo, kuti asathe msanga.